Chimene Maginito Anapeza mwa Aristeu

Lindalva anayala fomu pabondo pake, nakankhira magalasi pamphuno, n'kuyamba kuwerenga mafunso mokweza ngati mwamuna wake ndi wogontha. Aristeu sanali wogontha ayi. Kuwerenga kokha ndiko kunamudutsa, poti pamsinkhu umene ana ena ankaphunzira kugwira pensulo iye anali atagwira kale chikwanje m'minda ya nzimbe. Ndiye kwa zaka makumi anayi ndi zitatu za banja lawo, pepala lililonse linkadzera m'manja mwa mkazi wake, iye n'kungojambula dzina pansi.

"Muli ndi kabatire kothandiza mtima? Ayi. Anakuikanipo chitsulo m'bondo kapena m'chiuno? Ayi. Munagwirapo ntchito yowotcherera zitsulo? Ayi." Lindalva ankafunsa n'kudziyankha yekha. "Muli ndi chipolopolo kapena kachidutswa kachitsulo kulikonse m'thupi?"

Apa ndiye anaseka mpaka magalasi anatsetsereka.

"Nkhalamba yangayi, chipolopolo?" anatero, akutembenukira kwa Seu Epitácio, bambo wa kwawo ku Gameleira amene anakwera nawo kabasi ka khonsolo konyamula odwala m'mawa umenewo. "Munthu uyutu makombola a pachikondwerero cha São João akangoyamba kuphulika, mum'peza m'nyumba atatseka mawindo, iye ndi galu."

"Asiyeni anzangawa, Dona Lindalva," anayankha Seu Epitácio, akusisita mimba yake. "Amanthafe ndi amene timafika kuukalamba. Olimba mtima aja timangowapititsira maluwa."

Lindalva anachonga pa ayi. Aristeu anaona cholembera chikuyenda. Anangotukula botolo la madzi limene anamwino anam'patsa kuti amwe lonse, n'kugugudiza ngati ali ndi ludzu.

Matenda ake anali khansa ya purositeti, kanthu kaja kamene kamakhala kunsi kwa chikhodzodzo cha mwamuna aliyense osam'vuta, kudikira kuti akalambe. Dokotala Cibele, mayi wamng'ono thupi wolankhula mosathamanga, anali atawafotokozera mwezi wathawo kuti khansayo aiwotcha ndi cheza, maulendo makumi awiri. Koma cheza chilibe maso. Chimapita kumene mapu achiuza, ndipo mapuwo amachokera pa chithunzi cha m'kati mwa thupi. Kale munthu ankajambulidwa kawiri, pa makina a CT ndi pa makina a maginito otchedwa MRI, madokotala n'kuphatikiza zithunzi ziwirizo. Mzere wa ku CT unali wa pafupifupi miyezi iwiri. Tsopano chipatala cha ku Recife chimenechi chinali chitayamba njira yatsopano yojambula ndi MRI yokha, kamodzi basi, mapu onse n'kuchokera pomwepo.

"Mwayi wanu, Seu Aristeu," anatero dokotalayo tsiku limenelo. "Yanuyi si yofunika kuizengereza. Tikajambula Lachiwiri, sabata yotsatira tiyamba."

Lindalva anakayatsa kandulo kutchalitchi kuthokoza. Aristeu naye anakondwa, mpaka Seu Epitácio atamuuza m'kabasi muja kuti makinawo ndi maginito aakulu amene amatha kukoka ngakhale mpando wa matayala n'kuumata pakhoma lawo. Kuyambira pamenepo thako lake lakumanzere, limene linali litakhala chete zaka makumi anayi ndi zisanu, linayamba kumunyerenyetsa.

Pathakopo panali chipsera. Lindalva ankachidziwa bwino, ndipo ankadziwanso nkhani yake: kuti Aristeu ali mnyamata anaterereka m'munda n'kugwera pa chitsa cha nzimbe chosongoka. Nkhaniyo anaipeka Aristeu yemweyo, usiku woyamba wa ukwati wawo.

Zoona zake zinali izi. Chaka chimenecho odula nzimbe anali pa sitalaka. Aristeu anali ndi mnzake wa ponda apa nane mpondepo, Adauto, mchimwene wake wa Lindalva. Adauto sankafuna za sitalakazo, ankati mayi ake akudwala ndipo iye alibe mtima wa zipolowe. Koma Aristeu wa masiku amenewo anali wamagazi otentha, wapakamwa potsekemera, ndipo anam'nyengerera mpaka anavomera kuti apite limodzi ku esiteti yoyandikana ndi yawo, akauze antchito a kumeneko kuti nawonso atule zikwanje. M'bandakucha anafika kuseri kwa nyumba ya kwa Adauto n'kuimba mluzu katatu, kuitana kwawo kwa paubwana akamapita kowedza. Lindalva, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anali kukhitchini. Anaumva mluzuwo, anaona mchimwene wake akusiya khofi wosatha n'kutenga chipewa. Woimbayo sanamuone.

Anadutsa njira yachidule ya m'nzimbe, awiriwiri. Pamalire panali alonda a mwini esiteti, atabisala ndi mfuti ya gogodela, ija amaithira onga n'kutsendereza ndi timipira tachitsulo ta m'gudumu la njinga. Aristeu ndiye anayamba kuona mfutiyo. Sanakuwe, sanam'koke mnzake dzanja. Anatembenuka n'kuliyatsa liwiro. Mfuti inalira kamodzi kokha. Adauto inam'peza m'mimba, Aristeu inam'peza kumbuyo.

Anathamanga magazi akuchucha mpaka kumsewu, anakwera lole ya makala, nakafika kwa azakhali ake ku Caruaru. Azakhaliwo anam'tsuka ndi madzi amchere, bala linatseka ndi zimene zinali m'katimo, ndipo iwo anapita kumanda ndi chinsinsicho. Patatha mwezi anabwerera ku Gameleira atawonda, akuti anadwala chibayo sitalaka isanafike poipa. Adauto anali atapezeka tsiku lotsatira mfuti italira, m'kati mwa nzimbe, atakwawa mtunda ndithu kulowera kwawo. Bambo ake posambitsa mtembo anachotsa timipira tinayi n'kutiika m'kabotolo ka mankhwala. Makolo atamwalira, kabotoloko kanabwera kunyumba ya Lindalva, n'kukhala pashelefu pambali pa chithunzi cha Adauto ndi fano la Amayi Maria. Aristeu ankadutsa pamenepo tsiku lililonse popita kokasamba.

Nanga anakwatira bwanji mlongo wa munthu amene anam'thawa? Musamuweruze msanga. Anayamba ndi kukawazira nkhuni mayi oferedwa aja, kukonza denga, kuwaperekeza kuchipatala, zonsezo pofuna kuti mtima wake umusiye. Chikondi chinabwera chokha pambuyo, ndipo chinali chenicheni. Chikondicho ndicho chinam'tseka pakamwa kuposa mantha. Chaka ndi chaka, pa tsiku lokumbukira akufa, ankanyamula ndowa ya madzi kumanda, Lindalva n'kugwada kukwecha chiliza cha mchimwene wake. Akamaliza ankafunsa funso lomwelomwelo, motsitsa mawu: "Dauto, anakuimbira mluzu uja ndani?" Aristeu ankaima pomwepo, ndowa ili m'manja. Mluzu sanaimbenso chiyambire tsiku lija, moti zidzukulu zinkamuseka kuti agogo sadziwa kuimba mluzu.

"Seu Aristeu Bezerra."

Amene anaitana anali mayi wovala zobiriwira, wojambula pa makinawo, dzina lake Josineide. Anawatengera m'kachipinda kosinthira zovala. Aristeu anavula lamba, wotchi, kamendulo ka m'khosi ndi mano ake oikirira okhala ndi tingowe tachitsulo, zonse n'kumapatsira mkazi wake amene anaima pakhomo atatsegula chikwama. Anavala mkanjo wa chipatala womanga kumbuyo.

"Taonani miyendo," anatero Lindalva. "Ngati ya kakowa. Ndipo ndinkayesa ndakwatiwa ndi mwamuna wooneka bwino."

"Ndi inu mwaidya miyendoyi ndi nyemba zanu zopanda mchere," anayankha Aristeu, poti pa nthabwala zawo sipankafunika kuganiza.

Josineide anayang'ana fomu ija, kenako anayang'ana Aristeu m'maso.

"Fomuyi alemba ndi amayiwa, ndiye ndikufunsani inuyo mwiniwake. M'thupi mwanu mulibe chitsulo chilichonse? Msomali, waya, chipolopolo, ngakhale cha kale bwanji. Sindikufunsa mwamwambo chabe. Maginito athu sazima, amakoka usana ndi usiku. Komanso kachitsulo kakang'ono kamapotoza chithunzi, ndipo ife tilibe chithunzi china choti tiyerekezere nacho. Chikapotoka, cheza chikawotcha chikhodzodzo kapena matumbo, khansa n'kutsala ikuseka."

Lilime la Aristeu linkangogunda nkhama zopanda mano.

"Nanga munthu atakhala kuti…" anayamba.

"Atakhala kuti chiyani, bambo anga?"

Anayang'ana kukhomo. Lindalva ankapinda buluku lake mosamala, akulisalaza ndi chikhatho monga ankachitira masiku onse. Tsitsi lake linali litayera lonse. Aristeu anaganiza kuti mwina timipira tija tinasungunuka kalekale, mwina tinatuluka ndi mafinya kwa azakhali kuja, mwina maginito sangakoke chinthu chimene mnofu unachikumbatira zaka zonsezi. Munthu akafuna kudzinamiza sasowa mboni.

"Atakhala kuti mkodzo wam'panikiza ali m'katimo," anamaliza.

Josineide anaseka. "Mupirire. Chikhodzodzo chikhale chodzaza monga chidzakhalire tsiku lililonse lowotcha. Ndi mphindi makumi awiri zokha."

M'chipinda cha makina munali kuzizira. Anam'goneka chagada pa bedi louma lathyathyathya, anaika chotsamira kunsi kwa mawondo, namuwongola chiuno mpaka timizere tofiira ta kuwala tinagwera pamene iye ankafuna. Anam'tseka makutu, nam'patsa kampira kalabala m'dzanja kuti akafinye ngati china chavuta.

"Osasuntha ngakhale pang'ono. Mmene mwagoneramu ndi mmene muzigonera maulendo onse makumi awiri."

Bedi litayamba kulowa m'mphako ya makinawo, anamva. Sunali ululu waukulu. Zinali ngati munthu walowetsa zala m'kati mwa mnofu n'kutsina, kenako n'kupotokola pang'onopang'ono. Timipira tija tinalimo. Tonse tinalimo, ndipo tinadzuka. Aristeu analuma nkhama, misozi inatsikira m'makutu, koma kampira kaja sanakafinye. Makina anayamba kugunda, kugogoda, kulira ngati chigayo cha nzimbe, ndipo m'phokosomo iye ankamva masamba a nzimbe akum'kwapula kumaso, ndi mawu kumbuyo kwake akuitana dzina lake.

Sipanathe mphindi ziwiri, phokoso linaleka. Chitseko chinatseguka.

"Musadzuke. Ndikutulutsani pang'onopang'ono," anatero Josineide. Mawu ake anali atasintha. Bedi litatuluka anam'gwira mkono n'kumutsogolera kunja kwa chipindacho, ndipo anayamba kulankhula atatseka chitseko.

"Ndinakufunsanitu, Seu Aristeu. Theka la chithunzi ndi chibowo chakuda. Chikanakhala pafupi ndi mtsempha waukulu bwenzi pano tikunena zina. Mukumva kuwawa?"

"Pang'ono."

"Chifukwa chiyani simunanene?"

Aristeu anayang'ana zala za kumapazi kwake. Josineide anapumira m'mwamba, nam'tumiza kukajambulidwa ekisire.

Nthawi ya nkhomaliro itadutsa anawaitanira kwa Dokotala Cibele, onse awiri. Aristeu anafuna kunena kuti mkazi wake atsale panja, koma akanayambira pati? Pa zaka zonsezi sanalowepo kwa dokotala yekha. Lindalva anali atakhala kale pampando, chikwama pamiyendo, akudandaula kuti makina atsopano amenewa ndi achabechabe.

Dokotala anatembenuza kompyuta kuti onse aone. Panali mafupa a chiuno, otuwa. Kumanzere kwake, m'mnofu, munali timadontho titatu toyera mbee, tozungulira bwinobwino, tofanana kukula.

"Makina alibe vuto, Dona Lindalva. Vuto ndi iti. Ndi timipira tachitsulo, ndipo tili pafupi kwambiri ndi pamene tikufuna kuwotcha. Njira ya MRI yokha kwa bambowa yakanika. Tiwalembetsa ku CT, tikonze mapu mwakale." Anayang'ana pa kalendala. "Malo oyamba ali pakatha masabata asanu ndi awiri. Ndiyesetsa kupempha, koma onse ali pamzerewo ndi odwala ngati iwo. Pakadali pano apitirize jakisoni wochedwetsa khansa uja. Ndikanadziwa mwezi watha, bwenzi ali kale pakati pa mzere."

"Koma pamenepo m'pa chitsa cha nzimbe," anatero Lindalva. "Anagwera pa chitsa ali mnyamata."

"Chitsa sichisiya zotere, mayi. Izi zimachokera mu mfuti zopanga okha zija. Ndaziwonapo kwa anthu a kuminda. Amatenga timipira ta m'gudumu la njinga."

Lindalva anavula magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi, anawavalanso, n'kusendera pafupi ndi kompyuta. Anayang'ana nthawi yaitali. Zinthu zimene wakhala ukuzipukuta fumbi Loweruka lililonse kwa zaka makumi atatu sungazisokoneze ndi zina. Aristeu anaona dzanja la mkazi wake likufunafuna m'mphepete mwa tebulo n'kugwira zolimba.

Dokotala Cibele anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, n'kuzindikira kuti m'chipindamo mwalowa nkhani imene sinali ya chipatala.

"Tingatichotse, adokotala?" anafunsa Lindalva, mawu ali phee.

"Palibe chifukwa. Takhala mmenemo nthawi yaitali, kutichotsa kungawononge zambiri kuposa kutisiya."

"Tisiyeni momwemo."

Kabasi ka khonsolo kankanyamuka odwala onse akatha, ndiye anakadikira panja, pabenchi ya simenti pansi pa mtengo wa mango. Dzuwa linali likuswa mtengo. Ogulitsa madzi a kokonati ankaitanira malonda kuseri kwa mpanda. Lindalva anatulutsa mano oikirira aja m'chikwama, atakulungidwa m'kampango, n'kuwaika pabenchi pakati pawo. Aristeu anawatola n'kuwavala.

"Dalva," anatero.

"Imbani mluzu."

"Dalva, ndimati…"

"Ndati imbani mluzu, Aristeu."

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Aristeu ananyambita milomo. Ankayembekeza kuti patuluka mpweya wokha, kuti ukalamba ndi mano oikirira zimupulumutsa. Koma mluzu unatuluka woyera, wakuthwa, katatu, womaliza wokwera m'mwamba, ngati anauimba dzulo lomweli. Munthu wina wodutsa anacheuka.

Lindalva anatsinzina.

"Ndi womwewo," anatero.

Ndiye Aristeu anafotokoza. Sanakometse, sanadumphe kanthu. Ananena za kunyengerera kuja, za njira yachidule, za mfuti imene iye anayamba kuiona. Ananena za lole ya makala ndi madzi amchere. Mawu amene anawasunga zaka makumi anayi ndi zisanu anatha m'mphindi zochepa, mpaka iye mwini anadabwa kuti anali ochepa chonchi.

"Anafa nthawi yomweyo?" anafunsa Lindalva, ngakhale ankadziwa kuti mchimwene wake anakwawa.

"Ayi."

"Analankhula?"

"Anaitana."

"Anaitana ndani? Amayi?"

"Ine. Anati Teu. Katatu. Kachitatuko ndinali nditafika patali."

"Mukanabwerera akanakhala moyo?"

"Sindikudziwa, Dalva. Mwina tikanafa tonse. Mwina ndikanam'nyamula mpaka kumsewu. Ndaiganiza nkhani imeneyi tsiku lililonse, yankho sindinalipeze."

Lindalva anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanalire mokweza. Misozi inkangoyenda, iye osaipukuta.

"Kuthawako sindikukuimbani nako mlandu," anatero. "Munali mwana wa zaka makumi awiri ndi zisanu, mfuti ndi mfuti. Mukanabwera tsiku lomwelo magazi ali chuchuchu n'kutiuza kumene wagona, bwenzi bambo atathamangirako. Anagona m'nzimbe tsiku lathunthu, Aristeu, ife tikum'funa kutauni. Amayi anamwalira akufunsa kuti mwana wawo anatuluka ndi ndani. Inu mukuwawazira nkhuni."

"Ndinkaopa."

"Ndipo ine kumanda kuja? Chaka ndi chaka ndikufunsa mwala, yankho litaima kumbuyo kwanga ndi ndowa." Anaseka kaseko kowawa. "Dzanja langali lagona pa chipsera chimenecho zaka makumi anayi ndi zitatu. Kukazizira ndinkachisisita, ndinkati chitsa chinapweteka mwamuna wanga."

"Ndikananena mukanandisiya."

"Mwina. Koma ndikanasankha ndekha. Munandisankhira."

Mlandu suwola, amatero akuluakulu, ndipo wa Aristeu unali utangokhala m'mnofu osachita ngakhale dzimbiri.

"Ndipo lero," anapitiriza Lindalva, "munalolera kulowa m'makina aja. Munalolera kuti akuwotcheni polakwika, kapena chitsulo chikudule mtsempha, ine ndili panja ndi buluku lanu m'manja. Mukanafa mmenemo, ndikanaikanso munthu wachiwiri osadziwa chimene chamupha. Tsopano masabata asanu ndi awiri, chinthucho chikukula. Bodza lanuli simunakhute nalo?"

Seu Epitácio anatulukira pachipata akukoka miyendo, chipewa chili m'manja.

"Anzanga a chikhodzodzo chodzaza, zatheka? Akujambulani bwino? Mwamwetulira?" Anaima, anaona nkhope zawo, n'kuvala chipewa. "Ndikaone ngati dalaivala wabwera," anatero, napita.

M'kabasi Lindalva anakhala kutsogolo, pambali pa dalaivala, ati mutu ukumupweteka. Aristeu anakhala kumbuyo kwenikweni, motsamira thako lakumanja. Anadutsa minda ya nzimbe maola awiri, yobiriwira mbali zonse za msewu.

Masabata asanu ndi awiri ndi nthawi yaitali m'nyumba ya zipinda zitatu. Lindalva sanachoke, ndipo ana awo ku São Paulo sanawauze kanthu. Ankaphika monga kale. M'mawa Aristeu ankapeza khofi ndi chinangwa chophika patebulo, zovundikira ndi mbale, mapiritsi ake ali pambali. Zovala zinkachapidwa. Koma mayiyo anasamukira m'chipinda chimene munkagona ana, ndipo mawu akuti nkhalamba yanga sanamvekenso. Akafuna kumuitana ankati Seu Aristeu, monga amaitanira munthu wobwera kudzawerenga mita ya magetsi. Zimenezi zinkamuwawa Aristeu kuposa mkodzo umene tsopano unkatuluka modontha ndi moyaka.

Tsiku lokumbukira akufa linagwera m'kati mwa masabata amenewo. Aristeu anadzaza ndowa m'mawa n'kuima nayo pakhomo. Lindalva anatuluka ndi maluwa ndi burashi, anam'yang'ana, n'kumulanda ndowayo mosalimbana.

"Chaka chino ndilibe funso," anatero. "Ndikukamuuza yankho. Mutsale."

Aristeu anamuyang'ana akutsika msewu, atapendekera mbali imodzi chifukwa cha kulemera kwa madzi, akuima pakona iliyonse kusintha dzanja. Atabwerako masana maso ali ofiira, anadutsa pashelefu paja n'kutembenuza chithunzi cha Adauto pang'ono, kuti chiyang'ane kumpando umene Aristeu ankakonda kukhalapo. Sanafotokoze, ndipo Aristeu sanasamutse mpandowo.

Tsiku la CT linafika. Aristeu anadzuka yekha, anavala yekha, akuganiza kuti ulendo uno apita yekha ndipo fomu akapempha mlendo kuti amuwerengere. Atatuluka panja anapeza Lindalva ataima pamsewu ndi chikwama chake chija, akudikira kabasi. Sanapatsane moni. Seu Epitácio anali atamaliza maulendo ake a kuchipatala, ndiye munalibenso woseketsa anthu m'galimotomo.

Kuchipatala anawapatsa fomu ina, ya mafunso ocheperapo. Lindalva anaiyala pabondo, anakankhira magalasi pamphuno. Ulendo uno sanadziyankhe yekha. Ankawerenga funso n'kudikira, maso ali papepala, mpaka Aristeu ayankhe ndi pakamwa pake.

"Muli ndi chitsulo chilichonse m'thupi?"

"Inde."

"Chamtundu wanji?"

"Timipira ta mfuti. Titatu."

"Munavulala liti, ndipo motani?"

Aristeu anasuzumira papepalapo. Sankadziwa kuwerenga, koma ankadziwa kutalika kwa mzere wa zilembo, ndipo anaona kuti funso limenelo panalibepo. Anthu anali atadzaza mabenchi onse, ena akumvetsera.

"Tsiku limene anapha Adauto, mlamu wanga," anatero, mosatsitsa mawu. "Ndinali naye. Ndinam'thawa."

Lindalva anachonga pa inde, nalemba nambala yokha. Anam'patsa cholembera kuti ajambule dzina lake pansi. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa botolo la madzi, lodzaza mpaka pamzere umene anamwino anajambula, n'kulitsegula, poti zala za Aristeu zinkavutika ndi zitsekerero.

"Imwani lonse," anatero. "Mapu akalakwikanso ine sindibwera kachitatu."

Aristeu anamwa. Madziwo anali a m'mtsuko wa kunyumba, ozizira, onunkhira dothi. Mkazi wake anali atayang'ana kutsogolo, kuchitseko kumene ankaitanirako mayina, manja ali pachikwama. Pakati pawo pabenchipo panali malo okwana munthu mmodzi, ndipo ngakhale anthu ena anali chiimire m'mbali mwa khoma, palibe amene anabwera kudzakhalapo.